Ulendo wa ku Paris ndi anzanu kuchokera ku Harare

Mwafunsa kuti inu anayi a ku Mbare mungayambire pati kuti mukaone Louvre, nyumba yotchuka yosungiramo zojambula ndi zinthu zakale, ndi malo akale a ku Paris osatayana.

Yambani ndi viza ya Schengen, yolowera ku France ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya. Fomu ili pa France-Visas pa intaneti, ndipo mutha kupempha kutatsala miyezi 6. Pasipoti ikhale ndi miyezi 3 yotsala pambuyo pa tsiku lotuluka m'mayiko a Schengen, komanso inshuwalansi yachipatala isachepere 30,000 euro. Aliyense apemphe payekha, koma masiku a ndege ndi hotela afanane.

Kenako gawani masiku mosamala, pakuti ambiri amalakwitsa apa. Louvre imatseka Lachiwiri, Musée d'Orsay, nyumba ina ya zojambula, Lolemba. Matikiti a Louvre gulani pa intaneti, ola limodzi onse, munthu mmodzi alipire kuti musapatsidwe nthawi zosiyana. Chikwama chopitirira 55 x 35 x 20 cm sachilowetsa, chisiyeni ku hotela.

Mukalowa, lunjikani mbali ya Denon. Mona Lisa, chithunzi chotchuka cha mayi wina, ali m'chipinda cha Salle des États, kuseri kwa galasi, ndipo ndi kachithunzi kakang'ono, mudzaona mafoni a anthu kuposa nkhope yake. Maola atatu akwana, miyendo ikayamba kulira palibe amene amaonanso zojambula. Gwirizanani malo okumanirana, monga pansi pa piramidi yagalasi, chifukwa foni ikatha moto mungasakane tsiku lonse.

Tchalitchi chachikulu cha Notre-Dame chidatsegulidwanso mu Disembala 2024 ndipo kulowa n'kwaulere. Chipilala chachikumbutso cha Arc de Triomphe chili ndi masitepe 284, valani nsapato zafulati.