Abambo, chingambwe chikasutidwire panja

Chiyambireni chisanu mu Juni, ana obwera kusikelo akutsokomola achuluka, ena mpweya ukuchita kulira m'chifuwa. Amayi akuti ndi kuzizira. Kuzizira kulipodi, koma mukamunyamula mwanayo, nsalu yomuberekera ikununkha chingambwe. Abambo asiya kukhala pakhonde madzulo, akusutira m'nyumba.

Nyumba zathu mukuzidziwa: mawindo aang'ono, ena otsekedwa ndi njerwa kapena masanza. Chitseko chatsekedwa, mbaula ili pakati, ndiye wina n'kuyatsa ndudu. Utsiwo upita kuti? Mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 amayambitsa khansa. Khanda limapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, choncho limakoka utsi wambiri poyerekeza ndi kathupi kake. Tinjira take ta mpweya n'topapatiza, sitichedwa kutupa n'kudzaza makhololo. Tiubweya tomwe timasesa zoipa m'tinjiramo timafooka, majeremusi a chibayo n'kupeza pokhala. Mwana wa mphumu ndiye amabanika usiku wonse. Ngakhale mafinya otuluka m'khutu aja, amene mumathamangira nawo kwa asing'anga, utsi umathandizira kuwabweretsa.

Ndiye werengerani. Kabaza wopita kuchipatala usiku, mayi kukagonera mwana kuwodi, dimba kuuma kunyumba, ndalama za soya zomwe mumati mugulire feteleza n'kuthera panjira. Zonsezi chifukwa cha ulesi wotuluka panja.

Mlimi wina wa fodya wa bale ku Kasungu, mwana wake atagonekedwa kachiwiri, anandiuza kuti: "Alangizi, ine utsi ndimauzira kukhomo. Ndiponso fodyayu ndi amene akudyetsa anawa. Agogo anga anasuta mpaka kukalamba." Ndinati, bambo, kulima sindikukuletsani, koma agogo anuwo anaika ana angati m'manda, anthu n'kumati ndi mphepo kapena ufiti? Zouzira kukhomozi zanditopetsa. Utsi wambiri umatuluka kunsonga kwa ndudu pamene ili m'zala, ndipo umakakamira m'mabulangete, m'neti ndi m'malaya. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, lochepetsa kusuta fodya mu 2023, koma panganolo silingabwere kudzazima ndudu kuchipinda kwanu.

Zochita zake n'zodziwika. Sutirani panja, kutali ndi khomo ndi windo, ngakhale kuzizire bwanji. Mukabwerako sambani m'manja, vulani jekete musananyamule mwana. Agogo ndi alendo auzidwenso mwaulemu. Mbaula iyakire panja. Katemera asaphonyedwe. Werengani kapumidwe ka mwana ali phee: wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pamphindi imodzi, wa chaka mpaka zaka 5 ka 40 kapena kuposa, kapena pansi pa nthiti pakamalowa mkati, kapena akukanika kuyamwa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ofuna kusiyiratu fodya mundipeze tsiku la sikelo.