Kuperekeza wodwala khansa kuchoka ku Mangochi kupita ku Gulupu

Mphwanga anandiwerengera pafoni nkhani ya ku Australia, komwe kuli bungwe la Angel Flight lomwe linayamba mu 2003. Oyendetsa ndege amadzipereka ndi tindege tawo kukanyamula ulere odwala a kumidzi yakutali, ndipo akatera mumzinda amapeza wagalimoto, wodziperekanso, akuwadikira. Ndinaseka. Kuno kabwalo ka ndege komwe ndimakadziwa ndi ka ku Makokola, ndipo otera pamenepo ndi alendo odzaona nyanja. Koma nzeru yogawana ulendo wa wodwala ndiyo yomwe tinagwiritsa ntchito pamene achemwali anga a ku Malindi ankalandira mankhwala a khansa ya khomo la chiberekero ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Yambani ndi mapepala. Kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, kabuku kakuchipatala, zotsatira zonse za zoyeza ndi chitupa cha unzika, ikani zonsezi mu jumbo imodzi. Jambulaninso tsamba lililonse pafoni, chifukwa mvula ya pa kabaza sisankha pepala.

Chachikulu ndi tsiku lomwe adokotala alemba. Achemwali ankalandira mankhwala a mu diripi pakatha masabata 3 aliwonse, ndipo asanawapatse ankayamba awayeza magazi. Akapezeka ochepa, amakuuzani kuti mudikire kaye. N'chifukwa chake musamanyamuke tsiku lenilenilo. Ife tinalakwitsa ulendo wachiwiri. Tinadzuka tambala woyamba, koma minibasi inakhala pa depoti kudikira kudzaza, pa Liwonde inatsitsa ndi kukweza, pa Zomba chimodzimodzi, ndipo makilomita pafupifupi 190 aja anatidyera tsiku lonse. Tinafika pa Ginnery Corner dzuwa litapendeka. Kuyambira pamenepo tinkanyamuka dzulo lake.

Ndiye gawani ulendowo. Wa kwathu unali ndi anthu anayi. Mnyamata wa njinga yamoto wa kumpingo kwathu ankawatenga pakhomo n'kuwaolotsa pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka pa boma, ife tinkangomuthirira mafuta. Kondakitala wina tinkamuimbira usiku kuti asunge mpando wakutsogolo, wa pawindo. Ku Ndirande kunali msuweni wathu wopereka mphasa ndi madzi osamba. Wachinayi ndinali ine, gadiyani. Musachite manyazi kupempha ku mpingo kapena ku mzikiti. Anthu amavomera msanga mukawapempha kanthu kamodzi kodziwika, kusiyana n'kungoti "tithandizeni".

Za ndalama, werengerani ulendo wopita ndi wobwera wa anthu awiri, muchulukitse ndi maulendo onse omwe adokotala anena. Mankhwala m'chipatala cha boma salipiritsa, chomwe chimagwetsa mabanja ndi thiransipoti ndi chakudya. Ife tinakongola ku banki mkhonde, ndipo yobwerera ndinkaisunga pa Mpamba kuti ndisaidyere mandasi.

Ulendo wobwerera ndiwo wowawa. Mankhwala aja amachititsa nseru, ndipo fungo la nsomba zouma kapena la petulo m'minibasi limaipitsa zinthu. Funsani anamwino mapiritsi oletsa kusanza musanatuluke pageti. Nyamulani kachidebe kovundikira, chitenje chapadera, madzi akumwa ndi phala m'fulasiki. Achemwali ankakana chilichonse kupatula nthochi, ndipo ankayamba kuyankhula tikadutsa pa Ulongwe. "Achimwene, tsegulani windolo," basi ndinkadziwa kuti mtima wakhala pansi.

Mukafika kunyumba, thupi likatentha m'masiku otsatirawo musangoti ndi malungo wamba n'kugula panado pa okala. Mankhwala a khansa amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Thamangirani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi tsiku lomwelo, kabuku kaja kali m'manja, ndipo muwauze tsiku lomwe wodwalayo analandira diripi yomaliza.