Tikiti ya Apolisi a Pamsewu ku California: Poyambira Ndi Pati?

Mwafunsa kopeza tikiti yanu komanso kolipira. Yambani ndi pepala lomwe wapolisi anakupatsani: pali nambala ya tikiti, dzina la county (chigawo cha California chokhala ndi khoti lake) ndi tsiku lomaliza lolipira kapena lokaonekera kukhoti.

Lowani pa webusaiti ya Superior Court (khoti) ya county imene anakuimitsani, osati kumene mumakhala. Lembani nambalayo. Ikapanda kuoneka, dikirani milungu ingapo, imachedwa kulowa, koma tsiku lija lisakudutseni.

Musathamangire kulipira. Kulipira n'kuvomera mlandu, ndipo pa milandu yambiri point (chizindikiro choti munalakwa pamsewu) imalembedwa pa laisensi yanu. Ngati mukuyenerera, pemphani traffic school (maphunziro a malamulo a pamsewu), imene imaloledwa kamodzi pa miyezi 18, kuti a inshuwalansi asaione point-yo.

Ma point ali ku DMV (ofesi ya boma yoona za malaisensi ndi magalimoto), osati kukhoti. Akakwana 4 pa miyezi 12, laisensi akhoza kuiimitsa.