Momwe mungafotokozere vuto la mkodzo kuchipatala kuti adokotala akumvetseni

Anthu ambiri amene afika kuchipatala ndi vuto la mkodzo, akalowa m'chipinda cha adokotala amangoti, "M'thupi simuli bwino," kapena "Kumunsiku kukundivuta." Ndi manyazi amenewo. Pomwepo panja pali mzere wautali, adokotala ali ndi mphindi zochepa, ndiye munthu amatuluka ndi panado pamene vuto lili mu impso. Malume anga adakhala masiku awiri mkodzo ukungodontha, pansi pa mchombo patatupa ndi kulimba ngati mpira, koma aliyense wowafunsa ankamuyankha kuti ndi m'chiuno chabe. Tidawanyamula usiku akubuula. Anamwino atawaika kachubu, thumba la mkodzo lidadzaza tikuona, ndipo funso lawo loyamba lidali lakuti, "Bambo, bwanji simunanene dzana?" Ndalemba izi kuti mudziwe zoyang'ana, zonena, ndi tanthauzo la mawu amene amalembedwa m'kabuku kanu ka kuchipatala.

Yambani ndi kudziwa pomwe chiwalo chilichonse chili

Ikani zikhatho zanu kumsana, pansi penipeni pa nthiti zomaliza, china kumanja china kumanzere kwa fupa la msana. Pamenepo ndi pomwe pali impso. Zilipo ziwiri, zooneka ngati nyemba, iliyonse kukula ngati chibakera chanu, masentimita 10 mpaka 12 m'litali. Ya kumanja imakhala m'munsi pang'ono chifukwa pamwamba pake pali chiwindi. Onani kuti impso zili pamwamba kuposa pomwe ambiri amaloza. Ululu wa m'chiuno mukachoka kolima nthawi zambiri umachokera m'minofu ndi m'mafupa.

Mu impso iliyonse muli tosefera pafupifupi miliyoni imodzi, totchedwa nephron. Pa tsiku tosefera timeneti timasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, ndiye kuti zigubu za malita 20 zisanu ndi zinayi. Pafupifupi onsewo amabwerera m'magazi limodzi ndi shuga ndi mchere umene thupi likufuna, ndipo chotsala, lita imodzi mpaka malita awiri, ndiwo mkodzo. Impso zimathandizanso kuti BP ikhale pamlingo woyenera, zimatulutsa erythropoietin amene amauza mafupa kuti apange magazi, ndiponso zimakonza vitamini D kuti agwire ntchito. Nchifukwa chake munthu wodwala impso kwa nthawi yaitali amachepa magazi ndipo BP yake imavuta kutsika.

Kuchoka mu impso iliyonse pamatsika kanjira kopyapyala, masentimita 25 mpaka 30, kamene achipatala amati ureter. Tinjira tiwiriti timakathera m'chikhodzodzo, thumba la minofu lomwe lili pansi pa mchombo, kuseri kwa fupa la pachinena. Chikhodzodzo chimasunga mkodzo pafupifupi theka la lita. Kuchoka apo mkodzo umatuluka kudzera mu urethra. Kwa mayi njirayi ndi yaifupi, masentimita 4 basi, pamene kwa bambo ndi pafupifupi 20. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti amayi azidwala matenda a m'chikhodzodzo kawirikawiri, chifukwa tizilombo, makamaka E. coli wochokera m'matumbo, tilibe mtunda woti tiyende. Abambo ali ndi lawo: pansi pa chikhodzodzo pali prostate, kachiwalo kakukula ngati suku limodzi, kozungulira njira ya mkodzo ngati mphete. Munthu akamakula nakonso kamakula, nkumafinya njirayo. Ndi zimene zidawachitikira malume aja.

Tsopano mukamva ululu, lozani ndi chala. Kumsana pansi pa nthiti? Pansi pa mchombo? Kapena ndi kuwotcha panjira pokodza? Ululu woyamba m'mbali, nkumatsika mpaka mphechepeche, wobwera ndi kupita moti munthu amasowa pokhala, nthawi zambiri ndi kamwala kamene kakutsika mu ureter.

Kenako uyang'aneni mkodzowo

Ambiri a ife timakodzera m'chimbudzi chokumba, ndiye sitiuona nkomwe. Pezani botolo loonekera mkati, litsukeni bwino, mukodzeremo, muliyang'ane powala. Chitani zimenezi kangapo, m'mawa ndi masana.

Mkodzo wabwino umaoneka wachikasu chotuwira ngati udzu wouma. Ukada ngati tiyi wopanda mkaka, kawirikawiri ndiye kuti madzi achepa m'thupi, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November. Imwani madzi, muone ngati uyera. Ukapanda kuyera ndipo maso achita chikasu, vuto likhoza kukhala m'chiwindi. Ukada bii ngati Coca-Cola pamene munthu ali ndi malungo, musagone nazo m'nyumba. Wamatope komanso wonunkha kwambiri ungakhale ndi mafinya. Wathovu losatha msanga, ngati mwathiramo sopo, ungasonyeze kuti impso zikutaya puloteni, ndipo ngati m'mawa nkhope ndi mapazi zikutupa, kanenedwe msanga. Amene mukumwa mankhwala a TB musachite mantha mkodzo ukasanduka wa olenji kapena wofiirira. Ndi rifampicin ameneyo, mmodzi mwa mankhwalawo, pitirizani kumwa.

Werenganinso kuti mukukodza kangati, makamaka usiku. Kukodza pafupipafupi koma kambiri, pamodzi ndi ludzu losatha, kumafunika kuyezetsa shuga. Kukodza pafupipafupi koma timadontho, uku mukumva kuwotcha, kumaloza ku chikhodzodzo. Ngati tsiku lonse simunadzaze ngakhale botolo la 500 ml, kapena simunakodze nkomwe, nyamukani nthawi yomweyo.

Magazi mumkodzo ndifuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa kuno kwathu tidawazolowera molakwika. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ku Chilwa, m'mbali mwa Shire ndi m'minda ya mpunga, mnyamata akakodza magazi ena amangoti akukula. Limenelo ndi likodzo. Timanyongolotsi totchedwa Schistosoma haematobium timatuluka mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu munthu akusamba, akuchapa kapena akuwedza, ndipo tikakula timakakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Mazira ake ndi amene amaboola khoma la chikhodzodzo potuluka, nchifukwa chake magazi amaoneka kwambiri pamadontho omaliza. Dzina lina la likodzo, lakuti bilharzia, lidachokera kwa Theodor Bilharz, dokotala wa ku Germany amene adapeza nyongolotsizi ku Cairo mu 1851. Likodzo likasiyidwa zaka zambiri limalimbitsa chikhodzodzo, limatseka ma ureter mpaka impso kutupa, ndipo limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Kwa amayi limafikanso m'njira yoberekera nkumaoneka ngati matenda opatsirana pogonana, zimene zimabweretsa mikangano m'banja popanda wolakwa. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawidwa m'masukulu, ndipo amamwedwa munthu atadya kaye. Koma munthu wamkulu akaona magazi mumkodzo, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale popanda ululu, asadzigamulire yekha kuti ndi likodzo. Akayezetse.

Mukalowa m'chipinda, nenani zinthu ndi maina ake

Musadikire kufunsidwa chilichonse. Konzani mawu anu muli pamzere. Mayi akhoza kunena kuti: "Adokotala, lero ndi tsiku lachitatu ndikumva kuwotcha pokodza. Ndikukodza pafupipafupi koma pang'onopang'ono. Kuyambira dzulo ndikumva kuzizidwa ndipo kumsana kumanja kuno kukuwawa. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu." Mawu ochepa amenewa awauza adokotala kuti matenda ayamba m'chikhodzodzo, mwina akwera kufika mu impso, ndiponso kuti asankhe mankhwala osavulaza mwana.

Bambo wachikulire anene kuti: "Ndimadzuka kasanu usiku. Ndikaima ndimadikira kaye, mkodzo umatuluka mofooka, ndikamaliza ndimamva ngati watsalira." Ngati pali mafinya otuluka panjira, nenaninso, chifukwa chinzonono chimawotcha pokodza chimodzimodzi koma mankhwala ake ndi ena, ndipo mnzanu wogona naye ayenera kulandira nawo chithandizo.

Tchulani mankhwala onse amene mukumwa: a BP, a shuga, ma ARV, ngakhale a zitsamba. Musabise kuti mwakhala mukumwa brufen, diclofenac kapena indocid tsiku ndi tsiku, chifukwa mankhwala ochepetsa ululu amenewa akamwedwa nthawi yaitali amavulaza impso. Mwa ma ARV, tenofovir amafuna kuti impso ziziyezedwa nthawi ndi nthawi. Musasiye kumwa nokha, funsani kukiliniki kuti akuyezeni. Nenaninso ngati mwasamba kunyanja kapena mumtsinje m'miyezi yapitayi.

Mayi amene mkodzo ukungotuluka wokha usana ndi usiku chiberekereni mwana movutikira, limenelo ndi fistula, bowo limene latseguka pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera. Limasokedwa. Pa chipatala cha Bwaila ku Lilongwe pali malo apadera othandiza amayi a vutoli, ndipo kuchipatala cha kwanuko angakulembereni kalata yokutumizani. Zimandiwawa kuti alipo amayi amene amakhala zaka akudzibisa kuseri kwa nyumba chifukwa palibe anawauza zimenezi.

Akakupatsani kabotolo

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ndipo zotsatira zimatuluka zosokonekera. Sambani m'manja, tsukani kumaliseche ndi madzi oyera, amayi kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Yambani kukodza pansi, kenako tcherani kabotolo pakatikati osaleka kukodza, mumalizire pansi. Musagwire mkati mwa kabotolo kapena mwa chivindikiro. Sipafunika kudzaza, theka likwanira. Tsekani, perekani kulabu nthawi yomweyo, chifukwa mkodzo ukakhalitsa pamalo otentha tizilombo timaswana. Musabwere ndi mkodzo wa kunyumba m'botolo la zakumwa zotsekemera: shuga wotsaliramo angaonetse ngati muli ndi matenda a shuga. Mayi amene ali kumwezi anene asanapereke.

Ngati akufuna kuyeza likodzo, malangizo amasintha. Mazira amatuluka ambiri pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, ndipo madontho omaliza ndiwo ofunika kwambiri, choncho musawataye.

Werengani zimene alemba m'kabuku

Mawu a achipatala amaopsa pongowaona, koma ambiri ndi zidutswa zolumikiza. Mukaona nephro kapena renal, akunena impso. Cyst pa nkhani ya mkodzo ndi chikhodzodzo. Mawu othera ndi itis amatanthauza kutupa, ndipo othera ndi uria akunena za mkodzo. Ndiye cystitis ndi kutupa kwa chikhodzodzo, urethritis kutupa kwa njira yotulukira, pyelonephritis matenda amene afika mu impso. Haematuria ndi magazi mumkodzo, proteinuria puloteni, pyuria mafinya, glycosuria shuga. Dysuria ndi kuwawa pokodza, nocturia kudzukadzuka usiku, polyuria kukodza kwambiri, oliguria kukodza pang'ono, osafika 400 ml pa tsiku, ndipo anuria ndi pamene impso zaleka kupanga mkodzo. Zimenezi zimasiyana ndi retention, pomwe mkodzo ulipo m'chikhodzodzo koma wasowa potulukira.

Pali zilembo zinanso. UTI ndi tizilombo m'njira ya mkodzo. BPH ndi kukula kwa prostate kumene si khansa. AKI ndi impso zimene zafooka mwadzidzidzi, mwina chifukwa cha kutsegula m'mimba kwambiri, malungo aakulu kapena kutaya magazi pobereka, ndipo zikathandizidwa msanga nthawi zambiri zimabwerera. CKD ndi kufooka kwa impso kumene kwapitirira miyezi itatu. Creatinine ndi urea ndi zinyalala zimene amayeza m'magazi: zikakwera ndiye kuti impso sizikusefa bwino. Kwa mayi woyembekezera, puloteni mumkodzo pamodzi ndi BP yokwera ndi chizindikiro cha pre-eclampsia, matenda oopsa a amayi apakati, ndipo akakuuzani kuti mugonekedwe musakane.

Musanatuluke, funsani: "Mwapeza chiyani? Mankhwalawa ndimwe masiku angati? Ndibwerenso liti?" Malizani mankhwala onse ngakhale kuwotcha kutatha tsiku lachiwiri, ndipo musagule makapisozi pamsika kuti mudzichize nokha, chifukwa ndi momwe tizilombo timaphunzirira kupirira mankhwala. Mukayamba kutentha thupi, kusanza kapena kumva ululu kumsana muli pa mankhwala, bwererani tsiku lomwelo.

Amene muli ndi shuga kapena BP, pemphani kuti akuyezeni mkodzo ndi creatinine kamodzi pa chaka ngakhale mukumva bwino. Matenda awiriwa ndiwo amawononga impso za anthu ambiri, ndipo amatero popanda ululu kwa zaka. Impso zikatheratu pamafunika dialysis, makina osefa magazi kwa maola pafupifupi anayi, kawiri kapena katatu pa sabata. M'zipatala za boma makinawa amapezeka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna thandizo. Kwa munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, zimenezi zimatanthauza kusiya munda ndi banja nkukakhala kwa achibale m'tauni. Kapepala koviika mumkodzo, kamene kamaonetsa puloteni impso zisanafike pamenepo, kamatenga mphindi ziwiri zokha.