Zenera la bay kapena la bow: yambani ndi khoma

Amene mwagula nyumba ku Britain, ku Ireland kapena ku America mwawaona mazenera otulukira kunja kwa khoma, makamaka pabalaza loyang'ana kumsewu. Alipo a mitundu iwiri, bay ndi bow, ndipo ogulitsa ena amawatchula ngati chinthu chimodzi pamene kamangidwe kake ndi kosiyana.

Zenera la bay limakhala ndi magalasi atatu. Lapakati ndi lalikulu ndipo nthawi zambiri silitseguka, pamene awiri am'mbali amapendekera pa madigiri 30 kapena 45 ndipo ndi amene amatseguka. Lilipo lina la madigiri 90 looneka ngati bokosi, limene limaikidwa kawirikawiri kukhitchini pamwamba pa sinki. La bow lili ndi magalasi anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi ofanana kukula, olumikizana pa ngodya yaing'ono, pafupifupi madigiri 10, motero limakhota pang'onopang'ono ngati uta.

Tengani tepi muyeze khoma musanaone zithunzi za ogulitsa. La bow limafuna khoma lotambalala, mamita awiri kapena kuposa; mukalipanikiza pamalo ochepa, magalasi amakhala opyapyala ndipo mafelemu amadya kuwala kumene mumafuna. La bay limakwana pakhoma lochepa ndipo limatuluka kwambiri, choncho ndi limene limapereka malo okhalapo kapena oikapo kabati pansi pake. Yezaninso kunja: ngati pali kanjira kopita kukhomo kapena poimika galimoto, bay la madigiri 45 likhoza kutenga theka la mita, pamene la madigiri 30 limatenga zochepa. La bow limadula kuposa la bay chifukwa magalasi ndi malumikiziro ndi ambiri, ndipo mlumikiziro uliwonse ndi malo amene madzi ndi mphepo zingalowere zinthu zikakalamba. Kwa nyumba zambiri, ife timati bay ndi lokwanira. Bow lisiyireni khoma lalitali la chipinda chachikulu.

Tsopano nkhani yeniyeni: chimene chikunyamula katundu wa pamwamba. M'nyumba zambiri za ku Britain zomangidwa cha m'ma 1930, bay limakwera kuchokera pansi mpaka kuchipinda cham'mwamba, ndipo mafelemu akale a matabwa sanali ogwira magalasi okha. Ankanyamulanso khoma ndi kadenga ka pamwamba pake. Munthu akachotsa matabwawo n'kuikapo mafelemu a pulasitiki yotchedwa uPVC opanda chitsulo mkati, pulasitiki imapindika ndi kulemera. Sizioneka tsiku lomwelo. Pakapita miyezi mumaona ming'alu pamene bay likumana ndi khoma la nyumba, pulasitala akusweka m'chipinda cham'mwamba, zenera likukana kutsekeka.

Ntchito yabwino imayenda motere. Asanachotse felemu yakale, amachirikiza pamwamba ndi mizati yachitsulo yosakhalitsa. Pangodya iliyonse amaimika mzati wachitsulo kapena wa aluminiyamu wotchedwa bay pole, umene uli ndi jeki yokhwimitsira, wokhala pamalo olimba pansi, osati pa silu (kashelefu ka m'munsi mwa zenera) ya pulasitiki. Akaukhwimitsa mpaka utanyamula katunduyo, m'pamene amachotsa mizati yosakhalitsa ija. Mufunseni wodzagwira ntchitoyo kuti, "Bwana, pangodya muikapo chiyani, nanga chidzakhala pa chiyani?" Akayankha kuti felemu ndi yolimba payokha, funani wina. Yankho la amene mwamusankhayo lilembedwenso pa kotesheni.

Ngati mukuboola khoma losalala kuti muikepo bay kapena bow latsopano, malo akakula pamafunika lintel (mtanda wonyamula khoma pamwamba pa zenera) ina yoyenera m'lifupi mwake, ndipo kukula kwake awerengetse injiniya wa zomangamanga. Zenera limene silifika pansi limagwidwa ndi mabulaketi pansi pake, kapena ndi zingwe zachitsulo zomangidwa kumitanda ya nyumba pamwamba, monga amachitira kwambiri ku America. Zingwezo zikamangidwa mosalingana, zenera limaweramira kutsogolo.

Madzi ambiri salowera pagalasi, amalowera pakadenga. Pamene kadenga ka bay kakumana ndi khoma pamaikidwa chitsulo chofewa cha mtovu kapena china chotere, cholowetsedwa mumzere wa simenti pakati pa njerwa. Kumata silikoni yokha pamenepo n'kudzinamiza, chisanu chimodzi kapena ziwiri imang'ambika. Mukaona banga lachikasu pasiling'i ya bay, yambani kuyang'ana pamenepo.

Kuzizira nakonso n'kofunika kukuganizira, chifukwa zenera lotulukira kunja limakumana ndi mphepo pamwamba, pansi ndi m'mbali. Thabwa lapansi ndi kadenga zikapanda zotchinga kuzizira mkati, galasi limachita thukuta m'mawa, madzi amatsikira pasilu, kenako chuku chakuda chimamera m'ngodya. Onetsetsani kuti ayala zotchinga kuzizirazo (insulation) pansi ndi pamwamba asanatseke. Makatani atsate kukhota kwa zenera panjanji yopindika. Mukawadutsitsa mowongoka kutsogolo kwa bay ndipo radiator, chipangizo chotenthetsera m'chipinda, ili pansi pa zenera, kutentha konse kumatsekeredwa kuseri kwa katani.

Za malamulo, tikamba za ku England, poti kwina amasiyana. Kusintha mazenera kumayenera kutsata malamulo a zomangamanga otchedwa Building Regulations. Kampani yolembetsedwa ku FENSA kapena Certass, mabungwe ovomereza oika mazenera, imakupatsani satifiketi yosonyeza kuti malamulowo atsatidwa, ndipo loya wa wogula adzaifuna tsiku limene mudzagulitse nyumbayo. Kuyambira mu June 2022, zenera lolowa m'malo mwa lakale liyenera kukhala ndi U-value (muyezo wa kutentha kumene kumatayika kudzera pazenera) yosaposa 1.4 kapena kukhala m'gulu B kapena loposa pamenepo pa kusunga kutentha, ndipo nthawi zambiri liyeneranso kukhala ndi timabowo tolowetsa mpweya pamwamba pa felemu. Galasi lililonse lotsika kuposa mamilimita 800 kuchokera pansi likhale la mtundu wosavulaza likasweka, zimene zimakhudza mazenera ambiri a bay okhala ndi mpando. Kuchipinda chogona cham'mwamba musataye zenera lothawirapo moto: potseguka pasachepere mamilimita 450 m'lifupi ndi m'litali, pakhale 0.33 sikweya mita yonse pamodzi. Apa bow la magalasi opyapyala limalephera kawirikawiri.

Kusintha bay lakale ndi lofanana nalo nthawi zambiri sikufuna chilolezo cha khonsolo, koma kuwonjezera latsopano kutsogolo kwa nyumba kumafuna, poti kumawerengedwa ngati kukulitsa nyumba. Ngati nyumbayo ndi listed building (nyumba yotetezedwa ndi lamulo chifukwa cha mbiri kapena kamangidwe kake) kapena ili mu conservation area (dera limene maonekedwe ake ndi otetezedwa), lemberani khonsolo musanalipire dipoziti. Amene muli m'fulati ya leasehold, imene mumaigula kwa zaka zoikika pa pangano, werengani pangano lanu kaye, chifukwa mazenera ndi khoma lakunja kawirikawiri zimakhala m'manja mwa mwini nyumba yonseyo.