Chiyambe n'chiyani, kupempha ndalama kapena chilolezo cha komiti?

Funsoli ndi la amene akufuna kuchita kafukufuku wa zaumoyo wokhudza anthu, ndipo komiti yake ndi yoona kuti kafukufuku akulemekeza ufulu ndi chitetezo cha otenga nawo mbali. Yambani ndi kulemba dongosolo lake: funso lanu, anthu angati, mudzawatenga magazi kapena kungowafunsa mafunso.

Kenako konzani fomu yovomera kutenga nawo mbali, m'chilankhulo cha anthuwo. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Fomuyo inene mosabisa zoopsa zomwe zingachitike, amene adzaone zotsatira, komanso kuti munthu akhoza kusiya tsiku lililonse osamanidwa chithandizo. Wosadziwa kulemba adinde chala pamaso pa mboni yomwe si ya gulu lanu. Kwa ana, kholo livomere kaye. Maziko a mfundozi ndi Declaration of Helsinki ya 1964, chikalata chotsogolera kafukufuku wa zachipatala wokhudza anthu, chomwe chidakonzedwanso mu 2024.

Ndalama mukhoza kupempha komiti isanayankhe, ku mabungwe othandiza kafukufuku wa zaumoyo monga TDR (pulogalamu ya kafukufuku wa matenda a m'madera otentha ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO), EDCTP (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya ndi ku Africa), Wellcome kapena Fogarty International Center. Mu bajeti musaiwale ndalama yolipira komiti ndi yobwezera thiransipoti ya otenga mbali, koma isachuluke mpaka kusanduka nyambo.

Koma musalowetse munthu ngakhale mmodzi mu kafukufukuyo komiti isanavomereze. Ngati mukuyesa mankhwala, lembetsaninso kafukufukuyo m'kaundula wa kafukufuku woyesa mankhwala, monga PACTR ya ku Africa kapena ClinicalTrials.gov ya ku America, musanayambe.