Boti lopopa si tayala la galimoto

Chiyambireni kutentha kwa chaka chino ndaona maboti opopa angapo atang'ambika ku Senga Bay ndi ku Lifuwu, ndipo palibe lomwe linagunda mwala. Onse anaphulikira pamchenga. Mwini wake amapopa m'mawa kukadazizira mpaka boti kuti gwa, kenako n'kulisiya padzuwa tsiku lonse ngati bwato la mtengo.

Maboti ambiri otere amafuna mpweya wa 0.2 mpaka 0.25 bar basi (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya). Tayala la galimoto limafuna 2 bar kapena kuposa, pafupifupi kakhumi. Nanga mumalinyamuliranji kupita nalo kwa opopa matayala pa Kamuzu Road ku Salima? Kompresa ija ilibe chisoni.

Ngakhale mutapopa mwa muyezo, dzuwa limawonjezera lokha. Mpweya wa 0.25 bar wopopedwa pa madigiri 20 ukatentha kufika madigiri 50, geji yoyezera mpweya imadutsa 0.35. Nthawi yomweyo nsalu ya pulasitiki ya PVC yomwe amapangira botilo yafewa, guluu wa m'misoko walefuka. Imayamba kumatuka ndi misoko, kapena khoma lamkati logawa zipinda za mpweya. Lakhomali ndiye loopsa chifukwa silioneka. Zipinda ziwiri zimasanduka chimodzi, ndipo kabowo kamodzi kadzaphwetsa zonse muli pakati pa nyanja, mwera ukukankha.

Ndatopa nazo zoyeza ndi chala. Munthu kudina, kugogoda, n'kumati latsala pang'ono, ngati akusankha chivwende pamsika.

Mlimi wina wa mpunga ku Lifuwu anagulitsa zokolola n'kugula lake loti azikaonjolera ukonde. Akuti tsiku lina masana ali kumunda anamva kuti phuu, n'kuyesa mfuti. Pofika pagombe anapeza msoko utatseguka kutalika ngati mkono. Anamata ndi guluu wa chubu cha njinga, chigamba chinasendeka asanafike n'pomwe pamadzi. Guluu ameneyo ndi wa labala, pa PVC sagwira. Lero botilo afolera khola la nkhuku.

Zochita n'zochepa. Nambala ya mpweya imalembedwa pabotipo, iwerengeni. Gulani geji. Popani ndi mpope wamanja kapena wopondaponda, zipinda zonse pang'onopang'ono mosinthana, osati kudzaza chimodzi kaye. Likafewa polowa m'madzi ozizira, wonjezerani pang'ono pomwepo. Mukalikokera kumtunda phwetsaniko, liikeni pamthunzi. Amene ali nazo agule boti la nsalu ya labala yotchedwa Hypalon, limapirira dzuwa kuposa PVC, koma mtengo wake ndi wina.